Chitedze cha ku Chikala

Maness Amosi anadziwa kupalasa njinga asanadziwe kusenza ndowa osaigwirira. Anamuphunzitsa ndi mlongo wake wamkulu, Esau, pa njinga ya kabaza imene ankadyera pa Nselema. Lamulungu akatuluka ku Misa, awiriwo ankausiya msewu wa tala n'kulowa m'misewu ya fumbi yopita ku Chikweo, mwina n'kukhotera ku mapiri a Chikala, kumene msewu umanka nuchepa mpaka kusanduka kanjira ka otola nkhuni. Kumeneko nthambi za mombo ndi misuku zimakumana pamwamba, anyani amakhala pamiyala kuonerera odutsa, ndipo nsangalabwi zimathetheka kunsi kwa matayala ngati chimanga chili m'chiwaya.

Maness atakula n'kuyamba geni yake ya zitenje pamsika, ku Balaka kunabadwa kalabu ya opalasa njinga. Anali anthu a njinga zamagiya ndi matayala onenepa, amene ankati tala n'ngwa aulesi. Iwo ankafuna zitunda, miyala ndi nkhalango. Wapampando wawo, a Godfrey, atamva za Esau ndi mlongo wake, anabwera okha pa Nselema kudzawapempha kuti alowe nawo. Awiriwo anagula njinga zotha ntchito pa kaunjika, Esau n'kuzikonza mpaka zinayamba kuyenda ngati zatsopano. Chaka ndi chaka, mwezi wa Julaye, kalabuyo inkachititsa mpikisano: kunyamuka pa Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kuusiya tala, kukwera Chikala, kutsikira pamalo otchedwa Mtsetse wa Anyani, n'kukathera pa Nselema.

M'kalabu monse munali munthu mmodzi yekha wofika pa Esau. Dzina lake anali Walter. Nayenso anachokera ku kabaza, pa depoti ya Balaka, mwamuna wamtali, wa akatumba ngati minsi, woseka mokweza asanamalize n'komwe nthabwala yake.

Chaka china sitolo ina yaikulu ya m'tauni inalonjeza kuti wopambana imugulira njinga yatsopano, imuveka, ndipo izimutumiza ku mipikisano ya kutali. Tsiku la mpikisanolo Esau ndi Walter anafika pa Mtsetse wa Anyani ali phewa ndi phewa, kumanja phiri, kumanzere khwawa. Pakona pamene panalibe woona, Walter anatambasula mwendo n'kuponda handulo ya Esau. Njinga inapita kwake, munthu kwake. Amene anamupeza anali Elliam, mlimi wa thonje wa ku Chikweo, yemwe ankabwera m'mbuyo mwawo. Iye anangoona fumbi likutuluka m'khwawa, anausiya mpikisano, natsika kukamubereka Esau mpaka pamsewu.

Ntchafu inathyoka pawiri. Esau anafotokoza zimene zinachitika kamodzi kokha, ali pabedi kuchipatala, Maness akumupukuta nkhope. Nkhani itafika ku komiti ya kalabu, Walter sanakwiye ngakhale pang'ono. Anapukusa mutu ngati munthu wachisoni.

"Sindimafuna kunena izi, a wapampando," anatero, "koma mnzangayu ankanunkha kachasu tikunyamuka. Ndinamuuza kuti asapalase. Pakona paja anangopepesuka yekha."

Esau mowa anali asanaulawepo chibadwire. Koma Walter anali atavala kale malaya a sitolo ija, ndipo a Godfrey sanafune kukhumudwitsa anthu amene anali atangoyamba kuthandiza kalabu. Anati umboni palibe, nkhani inathera pompo. Bodza lokha ndilo silinathe. Linakwera minibasi mpaka pa Nselema, linalowa m'tchalitchi, linakafika kwa amalume a mkazi amene Esau anali atamufunsira. Ukwati unafera m'mazira. Mwendo unapola, koma unapola waufupi.

Esau anatsegula pokonzera njinga m'tsinde mwa mango, kuseri kwa msika. Ankamata machubu, kuwongola malimu, kumanga masipoko, osadandaula. Kuchetama kwakeko ndiko kunkamupweteka Maness kuposa kutsimphina.

"Achimwene, mungokhala chete basi?" anamufunsa tsiku lina.

"Ndiye nditani? Ndimuthamangitse ndi mwendo uwu? Zisiye, Maness. Mulungu anaona."

"Anaona, koma ku komiti sanamuitane."

"Pakamwa pakopo. Tandipatsa sipanala iyo."

Maness sanatuluke m'kalabu, ndipo anthu ankadabwa. Ankapalasa nawo monga kale. Walter akabwera, ankamupatsa moni wa manja awiri, nthawi zina n'kumudzazira botolo la madzi. Ena ankati mtsikanayu ali ndi mtima wa Chikhristu. Sankadziwa kuti m'chifuwa mwake munali moto wa mankhusu a mpunga, umene suonetsa lawi koma suzima. Walter akaseka, iye ankayang'ana phazi lake lakumanzere, limene linaponda handulo ija, n'kumadziuza kuti mlandu suwola.

Dzinja lachiwiri kunagwa mvula yoopsa, madzi anakokolola mlatho wa kunsi kwa Mtsetse wa Anyani. Panafunika njira yatsopano. A Godfrey anaipereka ntchitoyo kwa Maness ndi Elliam, poti ndiwo ankakhala kufupi ndi mapiriwo. Mvula itakata, awiriwo ankakumana pa Ntaja Loweruka lililonse n'kulowa m'nkhalango. Anayesa njira yodutsa m'minda ya chinangwa, anapeza mchenga wokhawokha womiza matayala. Anayesa ina yolambalala manda akale, eni mudzi anakana. Potsiriza anapeza chitunda chachitali cha dothi lofiira, chokhotakhota pakati pa matanthwe, ndipo pamwamba pake panali mphambano. Njira ya kumanja inkatsata msana wa phiri n'kutsikira pang'onopang'ono ku midzi ya kwa Kawinga. Ya kumanzere inali ya ootcha makala, yosiyidwa kalekale, itamera udzu.

"Titenge ya kumanjayi," anatero Elliam. "Inayo tiisiye, sitikudziwa kumene ikugwera."

Maness anavomera. Koma m'kati mwa sabata anatseka geni, napita yekha kukaiona.

Njirayo inkatsika molunjika ngati madzi a pa denga la malata. Munthu woilowa ndi liwiro mabuleki sakanamumvera. Chapakati inkagawikana. Kanjira kena kankathera pa phompho, thanthwe lodukiratu, pansi pake miyala yokhayokha. Maness anaima pamenepo nthawi yaitali. Anagubuduza mwala ndi phazi n'kumvetsera ukugunda pansi. Anamuona Walter m'maganizo ali kwala pamiyalapo, ndipo mtima wake sunanjenjemere. Chimene chinamubweza si chifundo iyayi. Anaganiza za maliro a Walter: kalabu yonse itavala mayunifomu, njinga zitandanda kumanda, a Godfrey akulengeza kuti tataya ngwazi. Wakufa samva manyazi. Walter analanda Esau mwendo ndi dzina lomwe, ndipo Maness ankafuna kuti nayenso dzina limuchoke ali maso.

Kanjira kachiwiri kankalowa m'chigwa chopapatiza, ndipo Maness atangosuzumira anabwerera m'mbuyo. Mitengo ya mbali zonse ziwiri inali itayangidwa ndi chitedze. Makoko ake anali lendelende, ofiirira, aubweya wosalala ngati wa mwana wa galu, ubweya umene ukakhudza khungu la munthu wa thukuta amaiwala dzina la mayi wake. Kunsi kwa chigwacho kunkamveka madzi ndi mawu a amayi akuchapa. Maness anakhala pamwala n'kuseka yekha mpaka anyani anathawa.

Anabwerako maulendo angapo ali ndi khasu, chikwanje ndi ngowe yaitali. Anasosa pakamwa pa njira ya kumanzere kuti pazioneka poyendedwa. Potulukira ku phompho anatsekapo ndi chipika ndi minga. Kenako anakoka ziyangoyango za chitedze ndi ngowe n'kuzimangirira mopingasa njira, pamulingo wa chifuwa cha munthu ali pa chishalo. Ngakhale anadzikulunga ndi masaka, mphepo inamuthira ubweya m'mikono ndi m'khosi. Anathamangira kumudzi wa kunsi kwa phiri, kwa Shamim, mnzake wa ku pulayimale amene anakwatiwa kumeneko. Shamim anamukhula ndi phulusa, Maness akuluma nsonga ya chitenje kuti asakuwe.

"Umafuna chiyani m'chitedze ngati mbuzi?" anafunsa Shamim.

"Njira ya mpikisano. Loweruka lomaliza la mwezi uno muitanane nonse, mukakhale ku kamtsinje kumene mumachapirako. Woyamba adutsa pomwepo. Mukamuyimbire nthungululu."

Usiku umenewo sanagone ndi kuyabwa, koma akakanda ankati mumtima: ine changondilawa, mwini wake chidzamudya.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi mwera wozizira. Maness anati chaka chino sapalasa, bondo likumuvuta, ndipo anapempha kuti amupatse mbendera yofiira akaime pa mphambano kulozera anthu njira. Palibe anakaika. Ankadziwa khalidwe la Walter: pa chitunda chachikulu ndi pamene amasiya anzake, pamwamba amafika yekha. Ndipo poti anali wodzikhulupirira, njira yatsopanoyo sanavutike kudzaiyendera.

Dzuwa litakwera anamva kulira kwa matcheni. Anasuzumira kunsi. Sanali mmodzi, anali awiri. Walter anali patsogolo ndi malaya achikasu a sitolo ija, atanyowa thukuta, ndipo kumbuyo kwake, tayala pa tayala, kunali Elliam. Munthu amene anabereka Esau kumutulutsa m'khwawa. Maness anayang'ana mbendera ili m'manja mwake. Akaloza kumanja, zaka ziwiri zapita pachabe. Akaloza kumanzere, alowetsa ndi wosalakwa yemwe.

Anakweza mbendera n'kuloza kumanzere.

Walter sanamuyang'ane n'komwe. Anasintha giya, anawerama, n'kudziponya mu mtsetsewo. Elliam anadzutsa mutu. Anayang'ana mbendera, anayang'ana njira yososedwa kumene, kenako anamuyang'ana Maness m'maso. Miyendo yake inasiya kupalasa kwa kanthawi. Sanamuitane Walter. Anakhotetsa handulo kumanja n'kutsata msana wa phiri.

Kuchigwa kunamveka kuthyoka kwa ziyangoyango, kenako mfuu.

Maness anadikira gulu lalikulu, analilozera kumanja bwinobwino, anazika mbendera yoloza komweko, nakwera njinga yake kutsikira kanjira ka otola nkhuni kolambalala chigwacho. Asanafike anamva phokoso ngati la pa chinamwali.

Amayi a m'mudzimo anali atasonkhana ndithu, ena ndi ana kumsana, atavala zitenje zawo zabwino. Anamuuza pambuyo pake mmene zinayambira. Munthu anatuluka m'tchire ngati nguluwe, iwo n'kuyamba nthungululu. Iye anaiponya njinga uko, anang'amba malaya, anavula kabudula wothina uja, n'kudumphira m'madzi. Madzi anangokolezera moto. Anatulukamo akukuwa, nayamba kugubuduka mumchenga ali mbulanda, akudzikanda ndi manja onse mpaka magazi. Amayi anayamba athawa, kenako anabwerera. Ena anatulutsa mafoni.

"Ndi wamisala ameneyu!"

"Iyayi, n'chamba ichi."

"Mowa umenewu, anthu a njinga amamwa kuti asatope."

Maness anamupeza atakhala m'matope, atafunda chitenje chimene Shamim anamuponyera. Milomo inali itatupa, khosi ndi chifuwa zili psuu. Ankanjenjemera ngati wa malungo. Atamuona Maness, maso ake anatong'oka.

"Iwe! Unandilozera kumanzere!"

Maness anaimika njinga mosafulumira. Mawu amenewa anali atawasunga nthawi yaitali, ndipo anafuna kuti aliyense awamve.

"Ine? Kodi simunangopepesuka nokha, a Walter? Mwina munalawa pang'ono ponyamuka."

Walter anasiya kukanda. Anamuyang'ana, ndipo Maness anaona kuti wamva. Walter anadzambatuka kuti amugwire, chitenje chinagwa, amayi anafa nacho chiseko. Anakhalanso pansi msangamsanga n'kudziphimba, misozi ikutsika. Maness anaiyang'ana misoziyo mpaka anakhuta.

Shamim anabwera ndi mbale ya phulusa, anaiika pafupi ndi Walter, kenako anamukokera mnzake pambali.

"Unatiitanira zimenezi?"

"Ndinati woyamba adutsa pano. Ndanama?"

"Sunaname. Koma tsiku lina ukafuna kundisandutsa chikwapu chako, uziyamba wandifunsa. Allah amaona ndi iwe wemwe."

Mpikisano anapambana Elliam. Dzuwa lisanalowe, kanema wa ku kamtsinje anali atafika m'mafoni a pa Nselema, pa Liwonde ndi pa Balaka. Malaya achikasu ankaoneka bwinobwino ali pamchenga, dzina la sitolo lili poyera.

Komiti inakumana sabata yotsatira m'kalasi ina ku Balaka. Walter anabwera atavala malaya a manja aatali, khosi lili zipsera. A Godfrey anayamba ndi Elliam.

"Inu munali pambuyo pake. Mbendera inaloza kuti?"

"M'maso munali thukuta, a wapampando," anatero Elliam. "Ine ndinangotsata njira imene ndimaidziwa."

Maness akanatha kubisala kumbuyo kwa mawu amenewo. Sanafune. Kubwezera kopanda mwini kunali ngati ndiwo zopanda mchere.

"Musavutike ndi a Elliam," anatero ataimirira. "Walter ndinamulozera kumanzere dala. Njira ndinasosa ndine, chitedze ndinamangirira ndine."

"Mwamva nokha!" anakuwa Walter. "Ameneyu ndikamusiya kupolisi lero lomwe!"

"Tiyeni," anayankha Maness. "Ndikatenganso achimwene anga akaonetse mwendo, tikayambire pamenepo. Apolisi akafunsenso komiti ino kuti inafufuza chiyani."

A Godfrey anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Za polisi sizinatchulidwenso. Anagamula kuti Maness wachotsedwa m'kalabu mpaka kalekale, ndipo asadzaonekenso pa mpikisano uliwonse. Za Mtsetse wa Anyani sananenepo kanthu.

Chilangocho chinamupweteka kuposa mmene ankaganizira. Lamulungu akamva matcheni akudutsa pa Nselema, anzake akuitanana maina, ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. M'mapiri ankapitabe, koma yekha. Esau anakhala masiku angapo osamulankhula. Tsiku limene anatsegula pakamwa, anali akupopa tayala, osamuyang'ana.

"Ukanapha munthu, Maness."

"Ndikanafuna ndikanatero. Phompho lilipo pomwepo, ndinachita kutsekako ndekha."

Esau anasiya kupopa. Anamuyang'ana mlongo wake ngati mlendo amene wangotsika basi.

"Ndinakutuma ine?"

"Simunanditume, achimwene. N'chifukwa chake ndinapita."

Sanakambenso za nkhaniyo. Koma masana ena Maness anamupeza kuseri kwa mango ali ndi foni ya kasitomala m'manja, akuonera kanema uja, mapewa akugwedezeka. Sanadziwe ngati kunali kuseka kapena kulira, ndipo sanafunse.

Sitolo ija inatenga njinga yake ndi malaya ake. Walter anayesa kupalasabe m'kalabu, koma kulikonse kumene ankadutsa ana ndi akulu omwe ankadzikanda m'khwapa n'kumakuwa kuti "Chitedze! Chitedze!" Mvula yoyamba isanagwe, anali atabwerera pa depoti ya Balaka.

Mwezi wa Novembala Esau anamutuma Maness kukagula masipoko ndi machubu ku Balaka. Atatsika minibasi, akabaza anamuunjirira, aliyense akumenya khushoni ya njinga yake. Iye anawadutsa onse, napita kwa amene anaima kumapeto atatsitsa chipewa kumaso.

"Kabaza," anatero, "ku sitolo ya masipeya."

Anzake a Walter ankaonerera. Walter anagwira handulo mwamphamvu mpaka mitsempha inatuluka. Kukana kasitomala pamaso pa anzake kukanakhala nkhani ina yoti aziseka mawa. Anapendeketsa njinga, Maness anakwera.

Anayenda kudutsa njanji, kudutsa ogulitsa mango. Kunja kunkatentha, ndipo thukuta linkatsika m'khosi mwa Walter kudutsa pa zipsera zija. Ankapalasabe bwino, Maness anaona zimenezo; pa kachitunda ka kumsika sanadzuke n'komwe pa chishalo. Atafika pasitolo anatsitsa phazi pansi, osatembenuka.

"Wakhuta tsopano?" anafunsa ndi mawu otsika. "Zatha?"

Maness anatsika, anakonza chitenje chake, n'kumulipira monga amalipirira wakabaza aliyense.

"Sindinaganizebe," anatero. "Mundidikire pomwepa, katundu akhala wolemera."

Analowa m'sitolo. Atatuluka ndi mtolo wa machubu, panja panalibe munthu. Anausenza pamutu n'kuyenda wapansi kubwerera ku depoti.